MCERE WOYESA NDI DZANJA UIKA ODWALA A BP PANGOZI KU LIVINGSTONE

Munthu ali yense amene apezeka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri angowachula kuti BP, amacoka ku cipatala ndi zinthu ziwiri: mapiritsi m'thumba ndi langizo la namwino lakuti acepetse mcere. Mapiritsi ali ndi muyeso wace, pakuti pa kapepala amalembapo kuti limodzi m'mawa kapena limodzi madzulo. Koma langizo la mcere limabwera lopanda muyeso, ndipo wodwala akafika kwao apeza kuti mcere ukali kuthiridwa monga kale, ndi dzanja, mu mphika umodzi umene banja lonse lidyamo.

Nkhani imeneyi yakula mu mzinda wa Livingstone, m'cigawo ca Kumwera, kumene akatswiri a sukulu ya udokotala ya Mulungushi University akhala akufufuza mmene mcere umacitira m'thupi la anthu a dziko lino. Zimene apeza zikhudza mlimi wa ku Katete ndi msodzi wa ku Luangwa monga momwe zikhudzira wogulitsa pa msika wa Maramba. Funso limene latsala ndi lakuti wodwala apatsidwe cida cotani coti cimuthandize kusunga langizo la cipatala tsiku ndi tsiku.

MUYESO WACE NDI UTI?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mcere pa tsiku. Uwu ndi mcere wosadzaza bwino supuni yaing'ono ya tiyi, ndipo muyesowu uphatikiza mcere wonse, wa m'ndiwo, wa mu buledi ndi wa mu nsomba zouma. Ana ayenera kudya wocepera pamenepo.

M'caka ca 2017 Unduna wa za Umoyo, mothandizidwa ndi WHO, unacita kafukufuku wochedwa STEPS pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69 m'dziko lonse la Zambia. Anapeza kuti munthu mmodzi adya pafupifupi magalamu 9.5 a mcere pa tsiku, kutanthauza kuti muyeso wa WHO uwirikizidwa pafupifupi kawiri. Anapezanso kuti anthu 19 mwa anthu 100 ali onse ali ndi BP yokwera, ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu asanu. Acipatala amati BP yakwera pamene makina aonetsa 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana.

Maiko a m'bungwe la WHO anapangana m'caka ca 2013 kuti pofika 2025 adzakhale atacepetsa mcere umene anthu ao adya ndi magawo 30 mwa magawo 100. Lipoti limene bungweli linatulutsa m'caka ca 2023 linaonetsa kuti dziko lapansi linali kutali ndi colinga cimeneci, ndiponso kuti anthu pafupifupi 1.9 miliyoni amafa caka ciri conse cifukwa ca matenda obwera ndi mcere woculuka.

ZIMENE ANAPEZA KU LIVINGSTONE

Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Sepiso Masenga, mogwirizana ndi anzao a ku Vanderbilt University ku America, linacita kafukufuku pa cipatala cacikulu ca mzindawu, cimene panthawiyo cinali kuchedwa Livingstone Central Hospital ndipo tsopano cichedwa Livingstone University Teaching Hospital. Zotsatira zace zinafalitsidwa m'caka ca 2021. Anthu 85, ena okhala ndi kacirombo ka HIV ndi ena opanda kacirombo, anadya magalamu 4 a mcere pa tsiku kwa sabata imodzi, ndipo sabata ina anadya magalamu 9 pa tsiku, BP yao ikupimidwa.

Cinaoneka ncakuti anthu sacita mofanana. Ena BP yao inakhala pafupifupi pomwe inali, pamene ena inakwera ndi kutsika motsatira mcere. Pakati pa anthu amene anali kale ndi BP yokwera, ambiri anali m'gulu laciwirili, makamaka iwo okhala ndi HIV. Kafukufuku wina wa gulu lomweli, wofalitsidwa m'caka ca 2022, anapatsa anthu opanda BP magalamu 2 a mcere nawapima mphindi 10 ziri zonse kwa maola awiri, ndipo oposa theka la iwo BP yao inakwera m'nthawi yocepa yomweyo.

Phunziro lace ndi lalikulu kaamba ka mmene zinthu zasinthira. Kuyambira pamene Boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'caka ca 2005, anthu okhala ndi HIV akhala ndi moyo wautali, ndipo ambiri tsopano afika pa msinkhu umene BP, matenda a shuga ndi matenda a impso amayambira. Cingakhale cinthu comvetsa cisoni kuti munthu amene wamwa ma ARV mokhulupirika kwa zaka 20 adzafe ziwalo cifukwa ca mcere wa m'ndiwo.

MMENE MCERE UPWETEKERA THUPI

Mu mcere muli cinthu cochedwa sodiyamu, cimene cimakoka madzi. Sodiyamu akaculuka, thupi limasunga madzi ambiri, magazi amaonjezeka, ndipo mtima umapopa mwamphamvu kuti magaziwo ayende m'mitsempha. Zaka zikamapita mitsempha imauma, mtima umakula ndi kulema, ndipo impso, zimene nchito yace ndi kusefa magazi, zimaonongeka. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, nthenda imene icedwa sitiroko.

Coopsa ncakuti BP kawirikawiri simva kuwawa. Akulu anati cakudza sicimba ng'oma, ndipo munthu akhoza kulima munda wace zaka zambiri osadziwa kuti mitsempha yace iri pangozi. Impso zikafa, cotsala ndi makina osefa magazi, amene apezeka m'zipatala zazikulu zokha monga ca Livingstone ndi University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo wodwala amafunika kugonapo kawiri kapena katatu pa sabata. Banja la kumudzi limene ligwera m'bvuto lotere limagulitsa ziweto ndi kusiya munda.

KUMENE MCERE UBISALA

Kuti cida cikhale cothandiza, wocipanga ayenera kudziwa coyamba kumene mcere ucokera. M'maiko a ku Ulaya mcere wambiri umabwera ndi zakudya za m'fakitale. M'midzi ya Zambia ndi m'makomboni monga Dambwa, Libuyu ndi Linda, wambiri umalowa kudzera pa dzanja la wophika, ndi pa kambale ka mcere kamene kaikidwa pambali pa nsima kuti ali yense aonjezere yekha.

Koma uliponso mcere wobisala. Kapenta wa pa nyanja ya Kariba, amene mbeu yace inatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, kawirikawiri amaviikidwa m'madzi a mcere asanayanikidwe. Nsomba zina zouma za mu mtsinje wa Zambezi zimapakidwanso mcere kuti zisaole pa ulendo. Soda wa m'sitolo, amene amathiridwa mu delele ndi m'cikanda, ali ndi sodiyamu ngakhale kuti samveka mcere pakamwa. Timibulu tokometsera msuzi, pafupifupi theka la kulemera kwace ndi mcere. Buledi, soseji, poloni ndi tokudya twa m'mapaketi timene ana agula popita ku sukulu, zonsezi ziri ndi mcere wace.

Mcere weniweniwo sucepa pa msika. Wambiri umene udyedwa m'dziko lino ucokera ku Sua Pan m'dziko la Botswana ndi ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, ndipo kuyambira pamene mlatho wa Kazungula unatsegulidwa m'mwezi wa May 2021, malole ocokera kumwera amaoloka Zambezi mosabvuta nadzera m'misewu ya Livingstone. Cinthu cimene makolo anali kuciyendera ulendo wa masiku ambiri lero cipezeka pa kantemba kali konse, ndipo ndiwo yocepa imathiridwa mcere wambiri kuti ikwanire nsima ya banja lonse.

SUPUNI NDI PAKETI

Cida coyamba ndi muyeso. Dziko la China, kumenenso mcere wambiri umathiridwa pophika, linagawira mabanja timasupuni tonyamula magalamu 2. M'cigawo ca Shandong, kumene timasupuniti tinaperekedwa pamodzi ndi maphunziro m'midzi, m'masukulu ndi m'malo odyera pakati pa 2011 ndi 2016, mcere umene anthu adya unatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Supuni yokha sinacite zimenezi, koma inapatsa wophika cinthu coona ndi maso.

Masamu ace ndi apafupi. Banja la anthu 6 lisafike pa magalamu 30 pa tsiku. Popeza kuti mcere wina ubwera kale ndi kapenta, buledi ndi soda, ndi nzeru kusiyira mphika magalamu 3 pa munthu, ndiye kuti magalamu 18 pa banja lonse. Awa ndi masupuni a tiyi pafupifupi atatu osefula bwino, ogawidwa pa ndiwo za masana ndi za madzulo. Wophika angayese masupuni atatuwo m'mawa nawaika m'kacitini, ndipo kacitini kakatha, mcere wa tsikulo watha.

Palinso njira yosalira ndalama. Pa muyeso wa magalamu 18 pa tsiku, paketi ya magalamu 500 iyenera kukhala pafupifupi masabata anai. Banja likalemba pa paketi tsiku limene aitsegula, lidzadziwa lokha kumene liri. Paketi ikatha sabata yaciwiri isanathe, palibe cifukwa codikira namwino kuti anene kuti mcere waculuka. Odwala mtima ndi impso ayenera kufunsa dokotala, pakuti ena muyeso wao ndi wocepera pamenepa.

NDANI ATHIRA MCERE?

Pano ndi pamene zida zambiri zopangidwa m'maofesi zimalephera. Zimapangidwa ngati kuti wodwala adziphikira yekha, pamene bambo wodwala BP nthawi zambiri sakhudza mphika, ndipo gogo wodwala amaphikiridwa ndi mpongozi kapena mdzukulu. Langizo likaperekedwa kwa wodwala yekha m'cipinda ca namwino, silifika kwa mwini mthiko. Ncifukwa cace nkofunika kuti wophika aitanidwe ku cipatala pamodzi ndi wodwala ngakhale kamodzi, ndipo supuni iperekedwe m'manja mwace.

Mwambo nao uli ndi mbali yace. Pakati pa Acewa ndi mitundu ina ya kum'mawa, mai amene ali kumwezi sathira mcere m'ndiwo poopa mdulo, ndipo amaitana mwana kuti athire. M'mabanja osunga mwambowu, masiku ena mwezi uli wonse mcere umayesedwa ndi kamwana kamene sikadziwa kanthu za BP. Motero cida ciyenera kukhala capafupi koti mwana wa zaka 7 acigwiritse nchito osalakwa, ndipo kacitini koyeseratu m'mawa kakwaniritsa zimenezi popanda kulimbana ndi mwambo.

Nkofunikanso kudziwa kuti kutupa kwa miyendo ndi nkhope, kumene ena amati ndi mdulo kapena tsempho, ndi cizindikiro cacikulu ca mtima wolema kapena impso zoonongeka. Akulu a banja angakambe za mwambo, koma wodwala afike ku cipatala tsiku lomwelo.

Mabanja ena amaphikira wodwala mphika wace wace. Njirayi imatha nkhuni ndi makala, imacititsa wodwala kudziona ngati wopatulidwa, ndipo sikhalitsa. Cabwino ndi kucepetsa mcere mu mphika wa onse pang'onopang'ono, pakuti lilime limazolowera patapita masabata angapo, ndipo ana amakula osazolowera mcere wowawa. Tomato, anyezi, adyo, tsabola, ndimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo. Kapenta ndi nsomba za mcere ziviikidwe m'madzi ndipo madziwo atayidwe, ndipo tsiku lophika zimenezi mcere wa m'kacitini ucepetsedwe.

KADI, MAKINA NDI LAMYA

Cida caciwiri ndi kadi. Mai ali yense m'dziko lino adziwa kadi la sikelo, limene a David Morley anayambitsa ku Nigeria ca m'ma 1960, ndipo ngakhale amene sanapite ku sukulu amaona ngati mzere wa mwana ukwera kapena utsika. Kadi lotere la BP, lokhala ndi mitundu itatu, lingaonetse wodwala kumene ali, ndipo kuseri kwace kungajambulidwe zakudya za kwao: cibwabwa, kalembula, nyemba, mbatata ndi nsomba zaziwisi mbali imodzi, poloni, timibulu twa msuzi ndi nsomba za mcere mbali ina. Pangakhalenso malo olembapo tsiku lotsegula paketi ya mcere. Munthu akaona ndi maso ace kuti mzere watsika atacepetsa mcere, safunikanso kukakamizidwa.

Kadi lifuna makina opimira BP pafupi ndi mudzi. Othandiza a zaumoyo a m'midzi, amene Boma linayamba kuphunzitsa ku Ndola m'caka ca 2011, ndiwo oyenera kunyamula makinawa, pamodzi ndi mabatire ace. Pa tsiku lotenga ma ARV, wodwala apimidwe BP ndi kufunsidwa za paketi ya mcere, kuti ulendo umodzi uthetse nkhani ziwiri.

Ena aika ciyembekezo cao pa lamya za m'manja zowerengera cakudya. Zimenezi zingathandize a m'tauni, koma zambiri zinapangidwira zakudya za maiko ena, sizidziwa delele kapena cikanda, ndipo zifuna intaneti ndi Cingerezi. Ku Livingstone kumalankhulidwa Citonga, Cilozi, Citoka-Leya ndi Cinyanja, motero uthenga waufupi wa pa lamya wamba m'cilankhulo ca wodwala, ndi maprogramu a wailesi ya ZNBC imene imaulutsa m'zilankhulo 7, zidzafika kutali kopambana.

MCERE WA POTAZIYAMU

Cida cacitatu ndi mcere wa mtundu wina, umene gawo lina la sodiyamu lacotsedwamo ndi kuikamo potaziyamu. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'caka ca 2021 anatsatira anthu 20,995 m'midzi 600 ya ku China kwa zaka pafupifupi 5, ambiri a iwo odwala BP kapena amene anadwalapo sitiroko. M'midzi imene inalandira mcere umenewu, sitiroko inacepa ndi magawo 14 mwa 100 ndipo imfa zinacepa ndi magawo 12 mwa 100. M'mwezi wa January 2025 bungwe la WHO linabvomereza kuti akulu angaugwiritse nchito.

Koma pali cenjezo lalikulu. Impso zodwala sizitha kutaya potaziyamu, ndipo akaculuka m'magazi mtima ungaime. Langizo la WHO silikhudza odwala impso, amai apakati ndi ana, ndipo amene amwa mankhwala monga enalapril, losartan kapena spironolactone ayenera kufunsa dokotala coyamba. Cenjezo lomweli likhudza cidulo ca phulusa, cimene ciri ndi potaziyamu wambiri. Popeza kuti banja lidya mu mphika umodzi, mcerewu sungagawidwe mwacisawawa impso za odwala zisanapimidwe.

Pali zinthu zina ziwiri zosayenera kusokonezedwa. Lamulo la dziko lino lifuna kuti mcere wogulitsidwa ukhale ndi ayodini, amene achinjiriza cithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula. Mcere wocepawo ukhale wa ayodini, ndipo amene agula mcere wophikidwa m'midzi monga wa ku Kaputa kapena wa ku Kaimbwe m'boma la Kasempa akumbukire kuti ayodini sapezekamo wokwanira akapanda kuthiridwa. Caciwiri, madzi a mcere ndi shuga a ORS ndi mankhwala opulumutsa moyo, ndipo wotsegula m'mimba asamanidwe cifukwa ca nkhani ya BP.

NCHITO YA BOMA NDI MAFAKITALE

Supuni ilibe mphamvu pa mcere umene wathiridwa kale ku fakitale. Dziko la South Africa linakhazikitsa malamulo m'caka ca 2013 oika malire a sodiyamu mu buledi, soseji, majarini, supu wa m'mapaketi ndi timibulu twa msuzi. Malamulowa anayamba kugwira nchito m'caka ca 2016 ndipo anakhwimitsidwa m'caka ca 2019, pamene buledi anaikidwa pa mamiligalamu 380 a sodiyamu pa magalamu 100. Ku England, kumene mafakitale anacepetsa mcere pang'onopang'ono, muyeso wa munthu mmodzi unatsika kucoka pa magalamu 9.5 m'caka ca 2003 kufika pa 8.1 m'caka ca 2011. Dziko la Chile kuyambira 2016 limaika cizindikiro cakuda kutsogolo kwa paketi iri yonse ya cakudya ca mcere wambiri, coti ngakhale wosadziwa kuwerenga acione.

Njira zoterezi ndi zimene Unduna wa za Umoyo, bungwe la Zambia Bureau of Standards ndi National Food and Nutrition Commission, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1967, ayenera kulingalira. Pakali pano wogula amene atha kuwerenga adziwe kuti pa paketi amalemba sodiyamu, ndipo kuti apeze mcere ayenera kuculukitsa nambalayo kawiri ndi theka. Mamiligalamu 400 a sodiyamu ndi galamu imodzi ya mcere.

Mutu umodzi susenza denga. Akatswiri a ku Livingstone acita mbali yao poonetsa kuti BP ya odwala ambiri amene anawapima imatsatira mcere mkati mwa sabata imodzi. Cotsala ncakuti supuni, kadi ndi kacitini ziyesedwe m'mabanja a ku Maramba ndi m'midzi ya mfumu Mukuni ndi mfumu Musokotwane, amai ophika afunsidwe cimene cathandiza ndi cimene calephera, ndipo cimene capambana cifalitsidwe m'zigawo zonse. Mafumu, mipingo ndi makalabu a amai ali ndi malo ao pa nchitoyi, makamaka pa maukwati ndi pa maliro pamene ndiwo zimaphikidwa m'miphika yaikulu.

Odwala asaleke mapiritsi cifukwa cakuti acepetsa mcere, pakuti ziwirizi zimathandizana, ndipo dokotala yekha ndiye angasinthe mankhwala. Banja liri lonse limene liri ndi wodwala BP, mtima kapena impso lingayambe sabata ino: kambale ka mcere kacoke pa mphasa yodyerapo, tsiku lilembedwe pa paketi, ndipo akulu onse a pakhomo apite kukapimitsa BP pa cipatala ciri pafupi.